Ndemanga pa zipangizo zopekera moto ndi uta zimene ndinagula pa intaneti

M'mwezi wa Okutobala chaka chatha ndinagula phukusi la zipangizo zopekera moto pogwiritsa ntchito uta, kwa wogulitsa wina wa kuno ku England amene amasema yekha zinthu zoterezi n'kumazitumiza pa positi. Ndinalipira mapaundi 24 kuphatikizapo ndalama yotumizira, ndipo phukusilo linafika kunyumba kwanga ku Sheffield patatha masiku anayi. Ndikulemba ndemangayi nditazigwiritsa ntchito kwa miyezi isanu, yonseyo m'nyengo yozizira ndi yachinyezi, ndipo chimene ndaona n'chakuti matabwa ndi zopekera zake ndi zabwino kwambiri, chingwe ndi chogwirira sizinayenere kugulitsidwa mmene zinalili, pamene kapepala ka malangizo kanangotsala pang'ono kundigwetsa mphwayi ndisanalione n'komwe khala loyamba.

Chimene chinandichititsa kugula zinthuzi ndi pakamwa panga. Mwana wanga wamwamuna, wa zaka 11, ali m'gulu la ma Scout, ndipo tsiku lina anabwera ndi nkhani yakuti mtsogoleri wawo adzawaonetsa kayatsidwe ka moto popanda machesi. Ine ndinayankha modzitama kuti zimenezo si zachilendo, popeza agogo anga aamuna ku Dedza ankapeka moto ndi timitengo tiwiri. Mwanayo anangoti, "Adadi, ndiye mundiphunzitse inuyo tsikulo lisanafike." Apa ndinazindikira kuti ndapala moto kudambwe, chifukwa agogowo ndinawaona akuchita zimenezi kamodzi kokha ndili wamng'ono, ndiponso iwo sankagwiritsa ntchito uta. Ankazungulitsa kamtengo kowongoka pakati pa zikhatho, manja akutsetsereka pang'onopang'ono mpaka pansi, kenaka n'kuwabwezeranso pamwamba mwachangu kuti kutentha kusathawe. Nditayesa njira imeneyo ndi timitengo ta kuseri kwa nyumba ndinangopindula matuza awiri, ndipo ndi pamene ndinaganiza zoyambira pa uta, womwe chingwe chake chimakulungidwa pa kamtengo kopekera n'kumakazungulitsa pathabwa mukamaukoka, motero umachotsa ntchito m'zikhatho n'kuipereka kwa mkono wonse.

M'bokosimo munali uta wa mtengo wa hazel wotalika masentimita 60, wokhota pang'ono komanso womangidwa kale chingwe, zopekera ziwiri zotalika masentimita 20 ndi zonenepa ngati chala chachikulu cha munthu wamkulu, matabwa awiri okhuthala sentimita imodzi ndi theka, chogwirira chothinikizira chopekera kuchokera pamwamba, kamtolo ka ulusi wa jute woyatsira, ndi kapepala kamodzi kolembedwa mbali zonse. Matabwa ndi zopekera anazisema kuchokera ku mtengo umene kuno amautcha lime, womwe si wa zipatso zowawasa zija ayi, koma mtengo waukulu wa mthunzi umene amisiri osema ziboliboli amaukonda chifukwa cha kufewa kwake. Nditakanikiza chikhadabo pathabwa chinasiya kachizindikiro koonekera bwino koma osalowa kwambiri, ndipo umu ndi mmene anthu odziwa ntchitoyi amayesera mtengo: wokana chikhadabo ndi wolimba mopitirira, wofumbutuka ndi wowola. Matabwa onse awiri anali ouma gwaa, opepuka m'manja, opanda mfundo ndiponso opanda utomoni. Pa mbali iyi wogulitsayu ndiyenera kumuyamikira, chifukwa m'dziko limene mvula imagwa pafupifupi mlungu uliwonse, kupeza mtengo woyenera wouma chonchi ndi theka la ntchito yonse.

Kapepalako kamayamba ndi mawu okometsera malonda akuti iyi ndi njira yakale kuposa zonse imene munthu ankapezera moto, zimene ine sindikuvomereza, chifukwa uta umafuna chingwe cholimba pamene kupeka ndi zikhatho kumangofuna timitengo tiwiri. Zoti ndi njira yakale, izo zokha palibe angatsutse, pakuti m'manda a mfumu Tutankhamun ya ku Egypt, amene Howard Carter anawatulukira mu 1922, munapezeka zipangizo zopekera moto ndi uta pamodzi ndi thabwa lokhala ndi timaenje takuda ndi kupsa. Kwathu nkhani ya pa Kaphirintiwa imasimba kuti munthu anatulukira moto posewera ndi timitengo tiwiri, kena kofewa kena kolimba, ndipo motowo utagwira tchire nyama zinabalalika, galu ndi mbuzi n'kuthawira kwa munthu, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Ndatchula nkhaniyi chifukwa inandisocheretsa pang'ono. Nditaona kuti chopekera ndi thabwa zonse ndi za mtengo umodzi, ndinaganiza kuti wogulitsa wachita ulesi, choncho ndinasema chopekera changa cha mtengo wolimba wa oak. Chinaboola thabwalo mpaka kutulukira kunsi popanda khala lililonse, ndipo ndinataya malo amodzi pachabe. Pa uta, mphamvu yothinikiza imakhala yochuluka kale, motero mitengo iwiri yofewa mofanana imadyana bwino, uliwonse n'kumapereka utuchi wake. Mawu amodzi okha pa kapepalako akanandipulumutsa ku cholakwa chimenechi.

Vuto loyamba lenileni linali chingwe. Anamangirira chingwe chopyapyala cha nayiloni, choterera komanso chotamuka, ndipo anachilowetsa m'mabowo a nsonga zonse ziwiri za uta n'kumanga mfundo zimene anaziwotcha ndi moto kuti zisamasuke. Pooneka ndi ntchito yaudongo, koma tanthauzo lake n'lakuti wogula sangathe kukunga chingwecho chikayamba kukhwefuka, ndipo chimakhwefuka ndithu pasanathe mphindi zitatu. Madzulo oyamba ndinagwada pakhonde la simenti kuseri kwa nyumba, mwana ataima pambali ndi foni kuti ajambule. Poyamba zonse zinkayenda, fungo la mtengo wopserera linayamba kumveka, koma nditangowonjezera mphamvu chingwe chinayamba kutsetsereka pa chopekera, uta ukuyenda koma chopekera chili chiimire. Nditayesa kupotokola chingwecho kawiri kuti chigwire, chopekera chinafwamphuka n'kukamenya mpanda wa aneba, ndipo mwanayo anaseka mpaka foni kugwa. Zimenezi zinachitika kasanu usiku umenewo.

Tsiku lotsatira ndinadula chingwecho n'kuikapo chingwe chokokera poliza injini, chonga chija cha pa jenereta, chonenepa mamilimita 4, chimene ndinagula pa sitolo ya zitsulo ndi ndalama yochepa kwambiri. Chingwe chamtunduwu anachipangira kukokedwa ndi kukhuzika tsiku ndi tsiku, choncho sichitamuka ndipo sichinyenyeka msanga. Kunsonga imodzi ndinasiya mfundo yokhazikika, koma kunsonga yogwira ndinangochikulunga kangapo n'kumanga mfundo yomasuka mosavuta, kuti ndizitha kukunga pamene ndafunira. Ndinaphunziranso kuti popeka, zala za dzanja logwira uta zikhoza kukanikiza chingwe kuti chilimbe pamene chayamba kuterera. Mtengo wa utawo ulibe chifukwa, ndi wopepuka ndiponso wotalika mokwanira kuti kukoka kumodzi kuzungulitse chopekera kambirimbiri, moti chingwe chitangosinthidwa unasanduka chipangizo china.

Chogwirira ndiye chinandikwiyitsa koposa, chifukwa kulakwika kwake kukusonyeza kuti wopangayo anaganizira za maonekedwe osati za ntchito. Ntchito yonse ya kupeka moto yagona pa mfundo imodzi, yakuti kukhuzana kuchuluke kunsi kumene chopekera chikudya thabwa, ndipo kuchepe kumwamba kumene dzanja likuthinikiza. N'chifukwa chake nsonga yakunsi imasemedwa yobuntha kuti ikhudze malo aakulu, pamene yakumwamba imasongoledwa ngati pensulo kuti ikhudze malo ochepa. Chogwirira choyenera chimakhala cha mtengo wolimba, mwala wokhala ndi kadzenje, fupa kapena chigoba cha nkhono ya kunyanja. Chimene ananditumizira chinali cha paini wofewa, chopakidwa vanishi wonyezimira, ndipo kadzenje kake kanali kosaya. Zotsatira zake zinali zakuti utsi unayamba kutuluka m'dzanja langa m'malo motuluka pathabwa, nsonga yosongoka ija inabunthiratu, ndipo mphamvu zanga zinkathera pa kuwotcha chinthu cholakwika. Kufinyira tsamba laliwisi la ivy m'kadzenjemo kunathandiza kwa kanthawi, phula la kandulo linathandiza koposerapo, koma mapeto ake ndinachiponya m'kabati n'kusema changa kuchokera ku chidutswa chija cha oak chimene chinandikanika ngati chopekera. Alipo ogulitsa ena amene amaika kaberingi kachitsulo m'chogwirira, ndipo ngakhale okonda zachikale amanyoza zimenezo, kwa wophunzira n'zabwino kuposa paini. Chenjezo limodzi ndi lakuti phula kapena mafuta zisakhudze nsonga yakunsi ngakhale pang'ono, ndipo ndi bwino kulemba chizindikiro pa chopekera kuti musasokoneze nsonga ziwirizi mumdima.

Nditakonza chingwe ndi chogwirira ndinayamba kupeza utsi wambiri, koma khala osaoneka, ndipo ndinakhala choncho kwa masiku asanu ndi anayi. Apa ndi pamene kapepala ka malangizo kanandilakwira kwambiri. Pa nkhani ya kampata kamene kamasemedwa m'mphepete mwa thabwa, kamangonena kuti semani kampata kooneka ngati chilembo cha V, basi, osatchula kukula kwake, kuya kwake kapena chifukwa chake. Komatu moto subadwira pansi pa chopekera monga ambiri amaganizira. Chopekera chimangopera mtengo kukhala utuchi wotentha, utuchiwo umagwera m'kampatako n'kuunjikana, ndipo muluwo ukadzaza n'kufika pa kutentha koyandikira madigiri 400, ndi pamene umagwira moto wonyeka mwakachetechete ngati fodya. Kampata kakachepa, utuchi umangomwazika kuzungulira dzenje n'kuzizira. Kakakula mopitirira, chopekera chimathyola m'mphepete n'kutuluka. Muyeso umene unandithandiza ndi wakuti muyambe mwapeka pang'ono kuti chopekera chidzikumbire kadzenje kakuda kolingana nacho, kenaka museme kampata kotenga gawo limodzi mwa magawo 8 a kadzenjeko, nsonga yake ifike pafupi ndi pakati koma isapitirire. Pansi pa kampatako pamafunika tsamba louma kapena kakhungwa kolandirira utuchi, chinthu chimene sichinali m'bokosi ndipo kapepalako sikanachitchule n'komwe.

Chinthu chachiwiri chimene kapepalako kanasiya ndi kuwerenga utuchi, pamene utuchiwo ndiye mphunzitsi weniweni wa ntchitoyi. Ukamatuluka wotuwa kapena wofiirira mopepuka, ndiye kuti simukuthinikiza mokwanira kapena mtengo uli ndi chinyezi. Ukamatuluka wakuda bii, wokhakhala komanso wopotana ngati timinyololo, ndiye kuti mwathinikiza mopitirira ndipo mukung'amba mtengo m'malo moupera. Wofunika ndi wakuda mofiirira, wosalala ngati ufa wa khofi, umene umagwirana mukautsina. Chopekera chikayamba kulira kuti kwii kwii, ndiye kuti nsonga yake ndi kadzenje zaterera ngati galasi, ndipo mankhwala ake ndi kupala nsongayo ndi mpeni kapena kuthiramo timchenga pang'ono. Kwa masiku onse aja utuchi wanga unali wotuwa, chifukwa ndinkathamangitsa uta ndi mantha akuti nditopa, dzanja lamanzere likugwedezeka m'malere.

Kakhalidwe ka thupi nakonso kanalembedwa mwachidule kwambiri, ngakhale kuti chithunzi chimene anajambulapo n'cholondola kwa amene akudziwa kale choyang'ana. Kwa munthu wogwiritsa ntchito dzanja lamanja, bondo lamanja limagwada kumbuyo, phazi lamanzere limaponda thabwa pafupi ndi kadzenje, ndipo dzanja lamanzere logwira chogwirira limatsamira zolimba pa msongolo wa mwendo wamanzere, kuti kulemera kwa chifuwa kutsikire pa chopekera popanda mkono kulimbana nazo. Chopekera chiyenera kukhala kunja kwa chingwe, osati pakati pa chingwe ndi uta, apo ayi chimagundana ndi utawo. Nditangotsamiritsa dzanja pa msongolo, kugwedezeka konse kunatha.

Khala loyamba ndinalipeza Loweruka lina m'mawa, kunja kuli chifunga. Ndinayamba modekha, ndikukoka uta kuyambira nsonga mpaka nsonga, osafulumira, mpaka kampata kanadzaza utuchi wakuda. Kenaka ndinawonjezera liwiro ndi kuthinikiza, n'kuwerenga kukoka 20 utsi uli tolotolo kumaso, thukuta likutsika ngakhale kunali kozizira. Nditaima ndinachotsa chopekera pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti kautsi kopyapyala kakupitirira kukwera kuchokera pa mulu wa utuchi uja, osati pathabwa. Ndinagogoda thabwalo ndi mpeni n'kulinyamula mosamala, muluwo n'kutsala pa tsamba uli chiimire ngati kachulu. Ndinaukupiza ndi dzanja, ndipo patapita kanthawi pakati pake panaoneka kadontho kofiira psuu, kochepa ngati njere ya mapira. Mwana anafuna kuuzira nthawi yomweyo koma ndinamugwira phewa, chifukwa khala lotere likangobadwa limafuna kupatsidwa nthawi kuti ligwirane, ndipo limatha kunyeka lokha kwa mphindi zingapo malinga ngati utuchi ulipo. Nditapuma mokwanira ndinaligwetsera m'chisa cha ulusi uja, n'kuchipinda mosafinya, n'kuchikweza pamwamba pa nkhope kuti utsi usandilowe m'maso. Ndinauzira motalika komanso mofatsa, utsi unasintha kuchoka pa woyera kukhala wachikasu ndi wokhuthala, ndipo pa kuuzira kwachisanu ndi chimodzi chisa chonse chinangoti lawi m'manja mwanga. Mayi a kunyumba, amene masiku onsewa ankandifunsa ngati machesi atha m'masitolo, anatuluka kukhitchini kudzaona.

Ulusi wa jute umagwira moto mosavuta mukaumasula bwinobwino mpaka ukhale ngati thonje, koma umene anaika m'bokosi unangokwanira kuyatsa katatu, ndipo umanyeka mofulumira kwambiri moti tinkhuni tating'ono tiyenera kukhala titakonzedwa kale pambali. Utatha ndinayamba kugwiritsa ntchito udzu wouma wofikisidwa m'manja ndi makungwa a honeysuckle, ndipo sindinaone chifukwa choitanitsira wina.

Thabwa lililonse lili ndi malo okwanira timaenje 6, ndipo kadzenje kamodzi kamapereka makala awiri kapena atatu kasanabooke, ngati dzanja lazolowera. Wophunzira amawononga theka la thabwa loyamba asanapeze kanthu, monga ndinachitira ine. Chopekera nacho chimafupika msanga, ndipo chikatsika pansi pa masentimita 12 chimavuta kugwira chifukwa uta umayamba kukhula nsapato. Chinthu china chimene ndinaona n'chakuti mtengo wa lime umamwa chinyezi mofulumira kwambiri. Nditaiwala bokosilo m'kashedi kwa mlungu umodzi, thabwa lomwe lija linangotulutsa utuchi wotuwa mpaka nditaliumitsa usiku wonse pafupi ndi chotenthetsera nyumba. Ngakhale kuponda thabwa ndi nsapato yonyowa kapena kuliika pa udzu wa mame n'kokwanira kulepheretsa zonse. Kathumba kosalowa madzi kakanawonjezera ndalama yochepa chabe pa mtengo wa phukusili, ndipo ndikudabwa kuti wogulitsa wa m'dziko lamvula chonchi sanakaganizire.

Ndinamulembera wogulitsayo za chingwe, chogwirira ndi kapepala. Anayankha mwaulemu pasanathe masiku awiri ndipo ananditumizira chingwe china kwaulere, koma chinali cha mtundu womwe uja, ndipo pa zinazo sananenepo kanthu.

Pa tsamba lake la malonda analemba kuti zipangizozi n'zopulumutsira moyo munthu akasochera m'tchire, ndipo pamenepa ndikutsutsa kotheratu. Munthu wozizidwa, wanjala, manja akunjenjemera ndiponso mvula ikugwa, sangapeze khala ndi uta pokhapokha atakhala kuti anayeserera kwa zaka, ndipo bokosi lonseli limatenga malo amene mungaikemo malaita 30. Kuyambira pamene John Walker wa ku Stockton-on-Tees anayamba kugulitsa machesi okhwatchitsa mu 1827, pali njira yoyatsira moto yosavuta kuposa kupeka, ndipo ngakhale agogo anga ankakonda kusunga chikuni chonyeka usiku wonse kapena kutuma mwana kukapala moto kwa anansi kusiyana n'kupeka. Phindu la phukusili lili pa kuphunzitsa, chifukwa limachotsa funso lovutitsa wophunzira aliyense, lakuti kodi vuto ndi ine kapena ndi mtengo. Mukadziwa kuti mtengo ndi wabwino, mumalimbikira kukonza dzanja lanu. Ndiwonjezere kuti kuyeserera kuzichitikira pa simenti kapena pa dothi losesedwa, ndowa ya madzi ili pafupi, popeza kuno simuloledwa kungoyatsa moto m'nkhalango popanda chilolezo cha mwini malo, ndipo madera a udzu a ku Peak District, pafupi ndi mzinda uno, amapsa moopsa nyengo ikauma.

Kwa awerengi amene ali kumudzi sindingalangize kuitanitsa phukusi lotere kuchokera kunja, chifukwa ndalama yotumizira ikhoza kuposa mtengo wa katunduyo, pamene zofunika zonse zili pafupi. Phesi louma la duwa la khonje ndi lopepuka komanso lofewa moyenera, ndipo zomera za mtundu umenewu, monga yucca ndi sotol, ndi zimene opeka moto a ku Mexico ndi kummwera chakumadzulo kwa United States amazitama kwambiri. Nthambi yokhota ya mtengo uliwonse wolimba ikhoza kukhala uta, chingwe cha jenereta chimapezeka pa msika uliwonse wa zitsulo, ndipo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala dzuwa limakuumitsirani zonse kwaulere. Kwa amene ali kuno ku Britain ndipo akufuna kuphunzira kapena kuphunzitsa ana, phukusili n'loyenera kugula ngati mwakonzeka kusintha chingwe ndi chogwirira tsiku loyamba lomwelo, komanso kufunsa wina wodziwa za kampata ndi utuchi.

Mwana wanga anapeza khala lake loyamba mu Januwale, titagwirizana kuti ine ndizithinikiza chogwirira iye akukoka uta, chifukwa thupi lake silinalemere mokwanira kuchita zonse ziwiri payekha. Thabwa lachiwiri latsala ndi malo a timaenje tiwiri. Ndafunsa wogulitsa uja ngati angandigulitse matabwa okha popanda zinazo, ndipo podikira yankho lake ndadula nthambi za willow ndi hazel zimene zikuuma pamwamba pa kabati ya kukhitchini.